Takisi Imene Inatsala M'galaja

A Telala anali atagwada pasimenti, akuyeza kompuresa, makina a mpweya wopoperera penti, ndi tepi yawo yoyezera anthu m'chiuno. Anayeza m'litali, anayeza m'lifupi, kenako anaizunguliza tepiyo pamimba pa makinawo ngati akufuna kuwasokera thalauza.

"Ikwana," anatero akudzuka, mawondo akulira. "Pagalimoto ya mnzanga uja ikwana bwinobwino."

Nyundo anali ataima pakhomo la galaja, atanyamula mipando ya pulasitiki imene anabwereka pa maliro ndipo ankati akabweze. Dzina loti Nyundo anam'patsa ndi mkulu wake, yemweyo amene anali atangomuika m'manda, chifukwa ntchito yake m'galajamo inali kuwongola magalimoto ophwanyika. Mkuluyo ndiye anali wopopera penti. Wina ankamenya chitsulo mpaka chiwongoke, wina n'kuchiveka mtundu, ndipo mabanja awiri ankadya pamenepo. Tsopano wovekayo anali atapita ndi matenda a chifuwa, ndipo a Telala, alongo ake a mayi wamasiye, mkazi wa malemuyo, anali atayamba kale kuyeza katundu misozi ya anthu isanaume n'komwe.

"Mukuyeza chiyani, a Telala?"

"Ndikungoona, a Nyundo. Munthu saletsedwa kuona."

"Kuona kwake ndi tepi?"

"Aliyense amaona ndi chida chake," anayankha a Telala, osachita manyazi ngakhale pang'ono.

Mayi wamasiye anali atakhala pakona, pampando wakale wa galimoto umene malemu ankapumirapo masana. Anaika manja pamawondo, akuyang'ana zitini za penti zimene zinandanda pashelefu. Chiyambire maliro anali asanalankhule zambiri. Nyundo ankawalemekeza alamu akewo, ndipo masiku abwino ankaseka nawo nthabwala zachilamu mpaka nthiti kupweteka, koma tsiku limeneli sanathe ngakhale kuwayang'ana kumaso.

A Telala anakoloweka tepi m'khosi n'kuyamba kufotokoza, ndipo iwo akayamba kufotokoza sankasiyira mnzawo mpata. Anati galaja ndi yalendi, ndipo galaja yopanda wopopera penti ndi shedi chabe. Kompuresa, mfuti zopoperera ndi zina zonse zigulitsidwe zisanachite dzimbiri, mlongo wawo apeze poyambira, ana asasiye sukulu. A Nyundo ndi mwamuna wamphamvu zake, atenge nyundo zawo akafune ntchito kwina.

Zinali zomveka, n'chifukwa chake zinamupweteka Nyundo. Iye sankadziwa khomo lina la ntchito koma lomweli. Analowamo ali wamng'ono, akusesa pansi, ndipo imvi zake zoyamba zinamera ali momwemo. Ataganiza zoti aziyenda m'magalaja a eni ake, chikwama cha zitsulo chili kumsana, akupempha ntchito kwa anthu amene anawaona akukwawa, anaika mipando ija pansi. Ndiye pakamwa panathamanga mutu usanaganize.

"Wakuuzani ndani kuti wopopera palibe? Ine ndi achimwene tinkapopera tonse."

Linali bodza, ngakhale munali kachidutswa ka zoona. Nyundo ankapopera ndithu, koma penti wotuwa wapansi, yemwe amakwechedwa n'kukwiriridwa, ndi wakuda wa kunsi kwa galimoto kumene kumaona agalu okha. Penti wapamwamba, woonedwa ndi anthu, anayesapo kamodzi kokha kalekale. Chitseko chonse chinayenderera ngati mamina a mwana, ndipo mkulu wake anaseka mpaka kugwira khoma. "Iwe dzanja lako ndi la nyundo," anatero, "siya mfuti yanga." Kuyambira tsiku limenelo Nyundo sanapemphenso, ndipo mkuluyo sanam'kakamize. Malemu anali munthu wotero, wapakamwa pakuthwa, wosachedwa kuseka mnzake, ndipo mawu oti wachita bwino ankawasunga ngati ndi ogula.

Mayi wamasiye anatembenuka n'kumuyang'ana Nyundo nthawi yaitali. Kenako analoza takisi imene inali pakati pa galaja. Mbali imodzi yakumbuyo inali yotuwa, pamene Nyundo anawongola, koma kwina konse kunali penti wake wakale wabuluu, atakwechedwa pang'ono kudikira watsopano. Malemu anaisiya choncho tsiku limene anapita kuchipatala.

"Mwini wake anabwera kudzapepesa maliro, koma maso ake anali kuno," anatero mayiyo. "Imalizeni, alamu. Ikatuluka bwino, kompuresa ikhala ndipo galaja muyendetsa ndinu. Ikapanda kutuluka bwino, ndimvera alongo angawa."

"Mwamva nokha," anatero a Telala. "Ine ndilibe nazo vuto. Galimoto ya mnzanga uja siithawa."

Kusitolo ya penti Nyundo akanakonda kupita yekha, koma a Telala anati nawonso ali ndi ulendo wa mbali yomweyo, wokagula ulusi. Ulusiwo sanaugule. Anam'tsatira mpaka pakauntala n'kutsamira pamenepo ngati mboni.

Mayi wogulitsa penti ankawadziwa bwino malemu. Anapepesa maliro ndi mawu ochepa, anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kufunsa chimene abwerera. Nyundo anaika pakauntala kachitseko ka pothirira mafuta, kamene anamasula pa takisi ija monga ankaonera mkulu wake akuchita, n'kunena kuti akufuna buluu ameneyo, wokwanira galimoto yonse, pamodzi ndi kiliya wake. Kiliya ndi penti wopanda mtundu uja amene amabwera pomaliza, wowalitsa komanso woteteza mtundu ku dzuwa ndi mvula. Dzina limenelo Nyundo ankalidziwa, ndipo analitchula mokweza kuti a Telala amve.

"Pansi pake pali penti wanji?" anafunsa mayiyo.

"Penti basi, mayi. Wabuluu."

"Ayi, ndikufunsa ngati ndi wakufakitale kapena wina anaipakapo kale. Matakisi ambiri amawapaka penti wotchipa uja wa mageti ndi mawindo, wongouma ndi mphepo. Uyu ndikusakanizireniyu amasungunulidwa ndi thinazi waukali. Akagwera pa wa mageti, wapansiyo amafewa n'kudzuka. Malemu ankayamba anyowetsa kansalu ndi thinazi n'kupukuta pamalo obisika. Kansalu kakatenga mtundu, ankadzatenga ichi." Anatsitsa chitini pashelefu n'kuchiika patsogolo pake. "Ameneyu ndi sila. Amatseka wakaleyo kuti asakhudzane ndi watsopano. Mumayamba iyeyu, kenako mtundu, pomaliza kiliya."

Nyundo anali asanamvepo zimenezi. Zaka zonsezo ankamuona mkulu wake akupukuta magalimoto ndi kansalu, iye n'kumaganiza kuti akuchotsa fumbi. Akanangoti, "Ndipatseni, mayi," nkhani yonse ikanathera pakauntala pomwepo. Koma a Telala anali atatembenuza mutu, nsidze zili m'mwamba.

"Nanga a Nyundo, munapukuta ndi kansaluko?"

"Kalekale," anayankha Nyundo. "Ndi wakufakitale. Sila safunika."

"Mukutsimikiza?" anatero mayiyo, akukanda kachitseko kaja ndi chikhadabo. "Kamenekatu kakundikayikitsa."

"Mayi, ntchitoyi sindinaiyambe dzulo."

Mayiyo sanatsutse, popeza munthu wongofedwa kumene sulimbana naye. Anabweza chitinicho pashelefu. Anafunsa za mankhwala oumitsira kiliya, ngati akufuna ofulumira kapena ochedwa, ndipo Nyundo analoza chitini chimene chinafanana ndi chomwe ankachiona kugalaja. Potuluka a Telala anati, "Komatu mumaidziwa ntchito," ndipo mawuwo anam'baya Nyundo chifukwa sanadziwe ngati akumuyamikira kapena akumuseka.

Atafika kugalaja, a Telala atapita kwawo, Nyundo anatseka chitseko. Anatenga kansalu koyera, anakanyowetsa ndi thinazi, anatsegula chitseko chakumbuyo cha takisi n'kupukuta m'mphepete mwake, pamene sipaoneka. Kansaluko kanatuluka kali kabuluu, ndipo pamalopo panatsala ponata ngati uchi.

Apa munthu wanzeru akanabwerera kusitolo. Nyundo anaganiza zimenezo, tisam'namizire kuti sanaganize. Koma msewu wa kusitolo umadutsa pakhonde pomwe a Telala amasokera, ndipo mayi wa penti uja akanamuyang'ana ndi maso achisoni, amene amapweteka kuposa chipongwe. Anadziuza kuti mwina ndi litsiro chabe. Anadziuza kuti akapopera mopepuka, thinazi auluka asanalowe pansi. Anakwinya kansaluko n'kukaponya kuseri kwa mgolo, ngati kuti kansaluko ndi kamene kanalakwa.

M'mawa mwake analawirira mphepo isanayambe. Anamata manyuzipepala pamagalasi ndi pa nyali, anawaza madzi pasimenti kuti fumbi lisadzuke, zonse monga ankachitira mkulu wake. Atavala chophimba kumphuno cha malemu anaima kaye, chifukwa munali fungo la mwini wake, la thinazi losakanikirana ndi la sopo, ndipo chisoni chinam'gwira mwadzidzidzi moti anatsamira khoma. Kenako analiza kompuresa.

Poyamba zinayenda. Dzanja limene ankati ndi la nyundo lija linayenda mowongoka, uku ndi uku, osaima pamalo amodzi. Mtundu unagona bwino padenga, paboneti ndi pazitseko, ndipo panalibe pamene panayenderera. Nyundo anabwerera m'mbuyo kuti aone bwino, ndipo kwa kanthawi anasangalala ngati mwana. Analakalaka mkulu wake akanatulukira pakhomopo, aone yekha, abweze mawu ake aja.

Denga ndi limene linayamba kuvuta. Pakati pake panaoneka timizere ting'onoting'ono, ngati khungu la zala za munthu amene wachapa tsiku lonse. Nyundo anayandikira, akupuma molemera m'chophimba chija. Timizereto tinkakula iye akuona. Tinatsikira paboneti, tinafika pazitseko, penti akukwinyika yekha popanda womukhudza.

Mantha atam'gwira anachita chinthu chachiwiri chopusa. Anasakaniza kiliya mothamanga n'kumupopera wambirimbiri, akuganiza kuti adzaza makwinyawo n'kusalaza pamwamba. Koma kiliya nayenso ali ndi thinazi wake. Penti wapansi uja, amene anali atafewa kale, anamwa n'kutupa, ndipo pofika masana takisi yonse inali ikunyezimira kwadzaoneni, khwinya lililonse likuwala palokha kuti ngakhale wodutsa pamsewu aliwone.

Anazimitsa kompuresa. M'galaja munakhala zii, kungomveka mpweya ukutuluka pang'onopang'ono papaipi. Anakhala pansi, pamadzi amene anawaza yekha aja, thalauza likunyowa, iye osalabadira. Sanalire. Manyazi ake anali ouma, otentha m'makutu, ndipo mumtima ankangobwereza kuti, ndinaona, kansalu kanandiuza, ndinaona.

Chiyambire maliro Nyundo ankadzera kunyumba ya malemu madzulo aliwonse, kukaona ngati pali chosowa. Tsiku limeneli sanafune kupita, koma kusapita kukanaulula zambiri kuposa kupita. Anapeza nyumba yayamba kutha anthu. Achibale akutali anali atabwerera kwawo, mphasa zitapindidwa, ndipo nsapato za malemu zinali zikadali pakhomo, zitawazika timadontho ta mitundu ya magalimoto ambirimbiri. Palibe amene analimba mtima kuzichotsa. Mayi wamasiye anam'thirira tiyi n'kukhala moyang'anizana naye.

"Mukununkhatu ngati abale anu lero," anatero, akuyesa kumwetulira.

"Ndi ntchito, alamu."

"Yatheka?"

"Ikuuma."

"Simunavutike nayo?"

Mpata unali umenewo. Munalibe a Telala, munalibe mlendo, munali anthu awiri okha amene anataya munthu mmodzi. Nyundo anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka ndi chakuti, "Pang'ono chabe, poyambira."

"Chabwino. Mwini wake ndamuuza kuti abwere mawa m'mawa."

Nyundo anamwa tiyiyo akadali wotentha mpaka lilime kupsa, anatsanzika msanga, ndipo panjira anadzitukwana ndi mawu amene sakanalola munthu wina kumunena.

Anafika onse pamodzi dzuwa litangokwera, mayi wamasiye, a Telala ndi mwini takisi, bambo wamfupi amene anabwera atavala malaya oyera, wokonzeka kuyamba ntchito tsiku lomwelo. Nyundo analimbana ndi loko nthawi yaitali kuposa masiku onse. Chitseko chitatseguka, kuwala kunalowa n'kugwera padenga la galimoto.

A Telala ndiwo anayamba kuiyendera, monga mwa chizolowezi chawo. Anazungulira galimotoyo manja ali kumbuyo, anawerama, anaweramuka.

"A Nyundo, ndikatenge simbi yanga? Ifetu nsalu ikatere timasita."

Palibe anaseka. Mwini takisi anayandikira n'kukhudza boneti ndi chala chimodzi, ngati akuopa kuti imuluma.

"Ine ndimadya pa galimoto imeneyi," anatero. "Ana anga amadya pamenepa. Ndapirira chifukwa cha maliro, ndimati anthu ali pachisoni, ndisawavute. Ndiye ndinyamule anthu m'chinthu ichi? Akwera ndani?" Anatembenukira kwa Nyundo. "Malemu anandiuza tsiku loyamba lomwe. Anapukuta pang'ono n'kuseka, akuti amene anakupakirani uyu ankaganiza kuti akupaka geti. Anati ayamba atseka kaye ndi sila. Inu simunamve?"

Nyundo akanatha kunena kuti sanamve, ndipo zikanakhala zoona, popeza munthu akamamenya chitsulo samva kanthu. Akanathanso kunamizira penti, kapena nyengo, kapena mayi wakusitolo. Mabodza onsewo anabwera pakamwa atandanda kudikira, koma iye anali atatopa nawo.

"Ine sindipopera penti wapamwamba," anatero, maso ali pansapato zake. "Achimwene ndi amene ankapopera. Kusitolo anandipatsa sila, ndinakana. Nditabwera kuno ndinayesa ndi kansalu, ndinaona kuti ndi wa mageti, koma ndinapoperabe. Ndinkaopa kuti muziti sindidziwa kanthu."

"Eya!" A Telala anawomba m'manja kamodzi. "Achemwali, mwamva nokha. Mawu aja munanena ndi pakamwa panu. Ndikaitane galimoto ija?"

Mayi wamasiye anayandikira galimotoyo. Anayamba kuzungulira takisiyo pang'onopang'ono, akuyang'ana chitseko chilichonse, mpaka anakaima kumbuyo.

"Bambo," anatero kwa mwini takisi, "galimotoyi inagundidwa pati?"

"Kumbuyo komweko, mayi, chakumanzere. Chitsulo chinalowa mkati moti tayala linkakhula."

"Tandionetsani."

Bamboyo anapita mokwiya, chala chili patsogolo, koma atafika anaima. Pamalo amenewo penti anali atagona mosalala ngati galasi, chifukwa powongola Nyundo anali atapala mpaka pachitsulo, ndipo penti wa mageti panalibe woti adzuke. Mwini takisi anawerama, anapendeka mutu, anayang'ana cham'mbali. "Panali apa," anatero. Anasuntha chala. "Kapena apa." Kenako anangoika dzanjalo m'thumba.

"Alongo," anatero mayi wamasiye, "mawu aja ndinanenadi, ndipo ndikuwabweza. Wolakwa woyamba ndine. Ndinkadziwa kuti alamu sapopera. Ndakhala zaka zonsezi ndikuchapa zovala za m'galaja muno, ndingalephere kudziwa amene amabwera ndi penti m'tsitsi? Ndinkati manyazi awatuma kukafunsa. Sindinadziwe kuti awatuma kukanama."

Nyundo analakalaka simenti itang'ambika kuti alowemo. Chipongwe cha a Telala akanachipirira, ukali wa mwini takisi unali womuyenera, koma kumva kuti alamu ake ankadziwa kuyambira pachiyambi, ndipo anam'thirira tiyi akudziwa, n'kumene kunamuvula.

"Ine ndimaganizira ana, achemwali," anatero a Telala, mawu atatsika.

"Ndikudziwa, ndipo ndikuthokoza. Koma kompuresa siichoka. Opopera ofuna ntchito alipo, tipeza mmodzi." Mayiyo anatembenukira kwa Nyundo. "Alamu, penti yenseyu mupala ndi manja anu mpaka pansi. Mukatero mubwerere kusitolo, mukawauze mayi aja zimene mwatiuzazi, osachotserapo. Akakupatseni sila, akakupatseninso dzina la munthu wodziwa kupopera, ndipo akabwera muzikaima pambali pake n'kumafunsa. Popita mudzere pakhonde la alongo angawa. Musazembe."

"Ndamva, alamu."

Mwini takisi anang'ung'udza, ananena za masiku amene atayike, ananena kuti akanadziwa akanapita kwina. Mayiyo anam'pepesa mpaka kugwada, zimene zinam'chititsa Nyundo kutembenukira kukhoma, popeza wogwada anayenera kukhala iyeyo. Pomaliza bamboyo anati adikira chifukwa cha malemu, osati chifukwa cha wina aliyense, n'kutuluka ndi malaya ake oyera aja. A Telala anam'tsatira akupukusa mutu, akunena kuti anthu adzawafuna tsiku lina.

Anatsala awiri. Nyundo anatenga sandipepa pashelefu kuti manja akhale ndi chogwira.

"Ndakuchititsani manyazi, alamu."

"Mwandichititsadi."

"Nanga galaja mwandisiyiranji? Achimwene ankadziwa bwino. Ine ndine wa nyundo basi."

"Wa nyundo basi," anabwereza mayiyo, ngati akulawa mawuwo. Anayang'ana kunja kuti aone ngati anthu aja apitadi, kenako anabwerera pamalo osalala paja. "Inu mukaweruka, abale anu ankatsalira. Ndikabwera kudzawaitana kuti chakudya chikuzizira, ndinkawapeza ataima pa galimoto imene mwawongola tsiku limenelo, asanaipake chilichonse. Ankati, tabwera kuno, tseka maso."

Mayiyo anatseka maso. Anaika chikhatho pachitsulocho n'kuyamba kuchiyendetsa pang'onopang'ono, mutu utapendeka ngati akumvetsera.

"Ndiye ankati, peza pamene panagundidwa. Sindinapezepo ngakhale kamodzi. Ankaseka, akuti, ameneyo ndi mng'ono wanga ameneyo. Koma usakamuuze, angatupe mutu."

Nyundo anaima pomwepo, sandipepa ali m'manja, ndipo misozi imene inakana kutuluka kumanda inatuluka tsopano. Alamu ake sanamuone. Dzanja lawo linafika kumapeto kwa chitsulo, n'kubwereranso pang'onopang'ono, maso akadali otseka.